Nsapato zampeni ndi zala ziwiri za amayi

Ndikukumbukira fungo la bwalo la ayezi ku Coventry: mphira wonyowa, thukuta la m'magolovesi, ndi tchipisi cha pakantini. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, nditangobwera kumene kuchokera ku Dowa, komwe ndinkakhala ndi azakhali anga. Amayi anali nesi pachipatala chachikulu cha mumzindawu, ndipo tinkakhala awiriwiri m'kanyumba kam'mwamba, pansi pake pali shopu ya makapeti. Kusukulu ndinali mwana wosalankhula. Chizungu changa chinkaseketsa anzanga, ndiye ndinaphunzira kutseka pakamwa. Tsiku lina aphunzitsi anatitengera kalasi yonse ku ayezi. Ndinagwa mpaka matako anachita dzanzi. Koma potuluka ndinaona atsikana ena akulowa atavala zipewa zolimba, ndodo zokhota zili m'manja, akuthamangitsa kanthu kakuda kophwatalala ngati chivindikiro cha botolo. Pamenepo panalibe woyesa chizungu cha mnzake. Ankangokuwa, kugundana, kugwa ndi kudzuka. Ndinati mumtima, apa ndiye pondiyenera.

Masewerawo ndi hoke ya pa ayezi. Nditawauza amayi kuti ndikufuna kusewera nawo, anati:

"Iwe Tadala, ayezi timaika m'chakumwa. Sitipondapo."

Koma sanakane. Kalabu inkabwereka ana chipewa, ndodo ndi zotchinga m'thupi. Chomwe aliyense ankayenera kukhala nacho chake chinali nsapato zotsetserekera, zija zili ndi chitsulo chakuthwa kunsi, zomwe kuno amati masikeiti. Lamlungu amayi anatchula nkhaniyi kutchalitchi, ndipo anti wina wa ku Zomba anamva zake. Sabata yotsatira anabwera ndi jumbo ya masiketi a mwana wake, ena a mapuliti. Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri, amayi akudziluma mlomo kuti asaseke. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu nsapatozo zinatchedwa nsapato zampeni.

Amayi anamva kwa mnzawo wa pawodi kuti ku Dudley kuli banja lomwe likugulitsa peyala yogwiritsidwapo kale. Sananditenge. Kwathu mwana sapita kokagula nsapato, chimapita ndi kamtengo. Amathyola udzu wa tsache, n'kuuyeza kuyambira kuchidendene mpaka kuchala chachikulu. Kuno tsache lake ndi lapulasitiki, ndiye amayi anasolola kamtengo ka sipageti m'paketi. Anandiimika pakhoma, anayeza phazi, kenaka anaika zala zawo ziwiri kutsogolo kwa chala changa asanathyole.

"Kuti ukulemo," anatero.

Sindinadabwe. Nsapato iliyonse yomwe ndinavalapo inagulidwa choncho. Kwa amayi, nsapato yomukwana mwana lero inali nsapato yotha kale. Sipageti uja anamuika m'kati mwa magazini kuti asathyoke, n'kukakwera naye basi.

Nsapato zinabwera zakuda, zolemera, zonunkha chipinda cha anthu ena. Ndinazikonda nthawi yomweyo. Koma nditangolowa nazo pa ayezi, phazi linayamba kuyendayenda m'kati. Ndikakankha, chidendene chinkanyamuka. Zala zinkadzipinda zokha kufuna pogwira, ngati za nkhuku yogona pamtengo. Pakapita kanthawi, pansi pa phazi, pakati penipeni, pankayamba kuyaka. Moto wake unkakwera pang'onopang'ono mpaka kukakolo. Ndinkaluma mano, ndinkamanga zingwe mwamphamvu mpaka m'manja mutuluke mizere, koma mapeto ake ndinkakakhala pabenchi, nsapato nditamasula, anzanga akudutsa patsogolo panga ngati mphepo. Mapazi anga anali atakula osavala kanthu, akuyenda m'njira za fumbi ndi m'mizere ya m'munda. Anali otambalala, zala zotayana. Sanazolowere kutsekeredwa m'bokosi.

Kochi wathu anali mayi wamtali wa mawu okakala. Anatiuza kuti kumapeto kwa mwezi adzasankha atsikana olowa m'timu, ndipo ine anandiuza poyera kuti mphamvu ndili nazo, koma sangasankhe munthu amene theka la nthawi amakhala pabenchi. Tsiku lomwelo amayi anandiona ndikukwera masitepe a kunyumba motsimphina.

"Tamva," anatero. "Kuno munthu amadyera mapazi. Sindingalole kuti uwononge ako usanayambe n'komwe ntchito. Mwezi uno ukatha ukutsimphinabe, nsapato izi zibwerera komwe zinachokera."

Amayi sankanena chinthu kawiri. Ndinadziwa kuti ndikapanda kumaliza tsiku losankhalo ndili chilili, ayezi ndasiyana naye, ndipo ndibwerera kukhala mwana wachete uja wa kumbuyo kwa kalasi.

Tinayamba ndi nzeru za kwathu. Tinatsendera nyuzipepala kutsogolo kwa zala. Inanyowa ndi thukuta, pofika kunyumba inali phala. Kenaka amayi anatenga patapata wanga wakale, anadula zingwe zake, n'kumusema ndi mpeni wa kukhitchini kuti alowe m'nsapato. Mpata unachepadi, koma patapatayo anali wochindikala. Phazi linakwera m'mwamba, zingwe zinandidya pamsana pa phazi, zala zinachita dzanzi moti ndinkaponda osadziwa kuti ndaponda.

Ndiye amayi anavula nsapato zawo za kuntchito n'kusololamo mainsolo awo. Insolo ndi chija chimayalidwa m'kati mwa nsapato, pomwe phazi limaponda. Awo anali abuluu, ofewa ngati chiwindi, ndipo ndi amene ankawathandiza kuima tsiku lonse pawodi. Nditawaika m'nsapato zampeni ndinamva ngati ndaponda pamtsamiro. Ndinati basi, zatheka. Koma pa ayezi kufewa kuja kunandipereka. Sindinkamva komwe mpeni waloza. Ndikafuna kukhota, phazi linkayamba lamira kaye, akakolo n'kugwedera, ine khu! pansi. Ndipo moto uja unabwera ndithu, mochedwerako pang'ono chabe.

Sabata imeneyo amayi ankapita kushifiti nsapato zili zopanda kanthu m'kati. Madzulo ena ndinawamva akukwera masitepe pang'onopang'ono, dzanja likukhula khoma. Ndinatenga mainsolo aja n'kuwabwezera m'nsapato zawo.

"Bwanji, sakugwira?"

"Sakugwira, amayi."

"Ndiye wasiya?"

"Ayi."

"Chabwino. Loweruka ndili ofu. Ndikaone ndekha chomwe chikuchitika kumeneko."

Loweruka anabwera atavala majuzi awiri ndi chitenje pamwamba pa thalauza. Atandiona ndikupita kubenchi anatsika, ndipo kochi nayenso anabwera. Kochiyo sanalankhule zambiri. Anandivula nsapato imodzi, anapisa dzanja m'kati, n'kusolola kainsolo kopyapyala komwe nsapatoyo inabwera nako. Anakaika pansi n'kundiuza kuti ndipondepo, chidendene chilingane ndi kumbuyo. Kutsogolo kwa chala changa kunatsala malo. Amayi anagwada pamphira wonyowa uja, n'kuikapo zala zawo ziwiri. Zinakwana ndendende.

Kochi anafotokoza kuti nsapato za hoke sizigulidwa ngati za kusukulu. Zimayenera kugwira phazi ngati dzanja, zala zizingokhudza kutsogolo pang'ono, ndipo nthawi zambiri zimakhala zazing'ono kuposa nsapato zoyendera. Amayi anamufunsa m'chizungu chawo chaulemu cha kuwodi kuti nanga chaka chamawa mwanayu adzavala chiyani. Kochi anaseka, n'kutitengera kukachipinda komwe makolo ankasiya nsapato zomwe ana awo akula nazo n'kutenga zina. Tinapeza peyala yaing'ono, yotambalala kutsogolo, yokalikakalika. Amayi anaima nthawi yaitali atanyamula zakuda zija. Kusiya nsapato yomwe ikadali ndi malo m'kati kunali kowawa kwa iwo, ndinkaona pankhope. Anaziika pashelefu bwinobwino, zingwe atazipinda.

"Dziko lino," anatero motsitsa mawu, "mwana kumugulira zothina dala."

Chidendene chinasiya kunyamuka, zala zinasiya kudzipinda. Koma moto wa pakati pa phazi sunathe, ndipo mwezi unali ukupita. Kochi anati tikaone mainsolo opangira nsapato zampeni, m'kashopu ka pabwalo pomwepo, komwe bambo wina ankanola mipeni ya nsapatozi pamakina olira ngati chigayo.

Bamboyo anayala mitundu itatu pakauntala. Onse anali opyapyala ndi olimba, chidendene chake chokumbika ngati kambale, koma ankasiyana kachitunda ka pakati. Ena kanali kakatali, ena kapakatikati, ena kongotukuka pang'ono. Ine ndinalozera a kachitunda kakatali. Anali ofiira, komanso ndinkaganiza kuti popeza pakati ndi pomwe pakupweteka, pakufunika chachikulu chopachirikiza.

"Dikira," anatero amayi. "Tasankhapo kale ndi maso. Lero tisankhe ndi phazi."

Anapempha chikatoni, anandivula sokosi, n'kuthira madzi a m'botolo lawo pansi pa phazi langa. Anali ozizira moti ndinakuwa. Atandipondetsa pachikatonicho, chidindo chinatuluka chathunthu, chopanda kulowa m'mbali, ngati chidutswa cha buledi. Kenaka anandikhazika pampando, anaika phazi langa pamwendo pawo, n'kuyamba kulidina ndi chala chachikulu monga ankachitira ndi odwala awo.

"Apa?"

"Ayi."

"Apa?"

"Mayo! Pamenepo."

"Phazi ili ndi lathyathyathya. Ukaliika pachitunda icho ukhala ngati waponda mwala."

Bambo uja anavomera, n'kukankhira kwa ife otukuka pang'ono aja, otuwa, osakongola. Nditapondapo ndinadandaula kuti akulimba ngati thabwa.

"Zofewa tayesa kale," anatero amayi.

Bamboyo anaika insolo yakale ya m'nsapato pamwamba pa yatsopano, anaizunguliza ndi cholembera, n'kutenga sizasi. Ndinaona dzanja la amayi likunyamuka kuti limuletse asadule kwambiri. Linaima m'malere, kenaka linabwerera m'thumba la juzi. Bamboyo anatichenjeza kuti masiku oyamba phazi lidzadabwa, ndiye ndizilizoloweza pang'onopang'ono. Choncho ndikaweruka kusukulu ndinkavala nsapato zampeni m'nyumba, mipeni nditaiveka zotchinga zake zapulasitiki. Ndinkatsuka mbale nditavala, ndinkalemba homuweki nditavala. Mwini shopu ya makapeti anakwera tsiku lina kudzafunsa ngati tikukhoma misomali.

Tsiku losankha linali m'mawa wozizira, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Amayi anasinthana shifiti ndi mnzawo kuti abwere. Kochi anatithamangitsa uku ndi uku, kutsogolo, chammbuyo, kuima mwadzidzidzi, kuzungulira. Kwa nthawi yoyamba ndinkamva mpeni pansi panga, mbali yake ya m'kati ndi ya kunja, ngati wamera paphazi. Chapakati pa masewera ululu uja unabwera. Ndinaudziwa, ndinaudikira kuti uyake monga mwa masiku onse. Sunayake. Unangokhala pamenepo, wotopetsa koma wopirika. Ndinayang'ana benchi kamodzi, osayang'anakonso. Mtsikana wina wamkulu thupi anandigunda kukhoma, ndodo inandipulumuka, ndinagwa chagada. Ndinamva mawu amodzi okha m'bwalo lonselo, a Chichewa.

"Dzuka, iwe!"

Ndinadzuka. Sindinagoletse, ndipo kanthu kakuda kaja ndinakakhudza mwa apo ndi apo. Koma wezulo yomaliza inandipeza ndili pa ayezi, zingwe zili zomanga. Potuluka ndinayenda dala patsogolo pa amayi, nsapato zanga zoyendera nditavala, kuti aone okha. Sindinatsimphine.

Kochi anaitana mayina, langa linali chakumapeto. Anandiponyera jezi ya timu. Nditaivala inafika m'mawondo, manja ake akulendewera. Amayi anaizungulira, anakoka mpendero wake, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Koma jezi ndiye akudziwa kugula."

Ndinasewera mpaka pamene ndinasiya sukulu. Sukuluyo sindinapite nayo patali, ndipo pa hoke sindinakhale katswiri, koma ndi pamenepo pomwe ndinapeza anzanga ndi pakamwa. Lero ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Dudley. Amayi anatisiya chaka chatha, nyengo yozizira, atadwala kanthawi kochepa. Hoke anaionera zaka zonsezo osamvetsa malamulo ake, ndipo ayezi sanapondepo.

Zinthu zasintha. Pabwalo paja masiku ano pamapezeka ana akuda angapo, ena a makolo a kwathu, ndipo palibe amene amawacheukira. Makolo amawerenga zonse pafoni asanagule kanthu. Mwezi watha mapazi anayamba kundivuta kuntchito, ndiye ndinapita kushopu ina m'tauni. Mnyamata wa mmenemo anandiimika pagalasi, makina anawala, ndipo phazi langa linatuluka pakanema lili ndi mitundu yofiira ndi yobiriwira. Sanandigwire n'komwe. Zinatha msanga, ndipo zomwe anandipatsa zinali zoyenera. Nditafika pamalo odikirira basi ndinatulutsa foni kuti ndiwauze amayi kuti tsopano phazi akulijambula ngati chifuwa. Nambala yawo ikadalimo. Ndinaiyang'ana pang'ono, n'kubweza foni m'thumba. Kenaka ndinavula nsapato pomwepo, anthu akundiyang'ana, ndinaika mainsolo atsopanowo n'kumanga zingwe. Basi inabwera, ndipo ndinakwera kupita kushifiti.