Malata amene bambo anatisiyira

Mvula ikamalira pa lata ladzimbiri limene ndinafolera khola la nkhuku, mtima wanga umawira.

Chaka cha njala chija, kwathu ku Ligowe kunabwera anthu ogawa chimanga chaulere, akuyenda khomo ndi khomo kufuna ovutika. Atatsala pang'ono kufika, a Fulaye oyandikana nafe, eni chigayo, anasasula malata awo n'kufolera udzu wowola. Ine ndinkayesa ndi mphepo, mpaka ndinawamvera chisoni.

Pathu alendowo sanalowe n'komwe m'nyumba. Anangoyang'ana denga limene malemu bambo anatisiyira.

"Mayi, inu si ovutika. Muli ndi malata."

"Kodi anawa adya malata?" anafunsa amayi, manja ali bii ndi utomoni wa mizu ya nthochi imene tinkadya.

Matumba anapita kwa a Fulaye. Fungo la chimanga chokazinga likafika pathu, mlongo wanga Esinati ankalira mpaka mawu kutha. Ine ndinkapemphera kuti mphepo ija iwombenso kwathu.

Malata a Fulaye anabwerera padenga. Esinati sanafike nthawi yokolola.

Lero okhuta akamati osauka amaba thandizo, ndimafuna kuwalavulira. Amayi analibe ndi mphamvu yomwe yokwerera padenga.