Chingwe Choyezera a Sarjiman

A Sarjiman akumba manda m'mudzi mwathu muno kuyambira tili anyamata, ndipo sindinawaonepo akukhulupirira munthu wamoyo. Iwo amati abwino ndi akufa, poti sasintha mawu. Ndakalamba nawo moyandikana nyumba, koma mpaka lero ndikawapatsa moni wansangala amayamba asuzumira m'khola kuona ngati abakha awo alimo onse.

Ntchito yawo imayamba ndi nsungwi. Munthu akatisiya, iwo amalowa m'nyumba ya maliro, n'kugoneka nsungwi pambali pa mtembo kuchokera kumutu mpaka kuchidendene. Amawonjezera chikhatho chimodzi, n'kudula. Nsungwi imeneyo ndiyo imapita kumanda kukauza makasu polekezera. N'chifukwa chake kwathu kuno munthu wamoyo sayezedwa ali chigonere.

Chaka chatha anayamba kutsokomola ndi kuwonda. Mwana wawo Wartini, amene amakhala naye, anawatengera kuchipatala cha m'tauni. Dokotala atawapima, anaitanira Wartini panja n'kutseka chitseko. Pobwerera Wartini anangoti, "Akuti n'kutopa chabe, bambo." Kuyambira tsikulo a Sarjiman ankamuyang'ana ndi diso la nkhwezule.

Tsiku lina masana, atagona pabenchi pakhonde, anamva chinthu chikuwagirigisha kuphazi. Potsegula diso limodzi anaona mdzukulu wawo Laras, mwana wa Wartini wa sitandade 2, akukoka chingwe cha pulasitiki kuchokera kumutu kwawo mpaka kuchidendene, lilime lili panja chifukwa cha khama. Mwanayo anadula chingwe n'kuthamangira m'nyumba.

Madzulo ake a Sarjiman anandipeza ndikusenda chinangwa, nkhope yawo itagwa.

"Kasiran, andiyeza."

"Wakuyezani ndani, achimwene?"

"Mwana. Koma mwana sangaziganize yekha zimenezi, wamutuma mayi wake."

"Inu nanunso! Ndani angawononge chingwe chake pa mafupa okhaokhawo?"

"Seka, ndi timano tako totsalato. Dzulo andiphikira nyama ya mbuzi, kulibe chikondwerero chilichonse. Dzana Wartini wagula nsalu yoyera. Ukundiyesa mwana ine?"

"Nsaluyo ndi ya malaya a sukulu a Laras."

"Malaya a kamwana kameneko, nsalu yonse ija?"

Ndinawaseka, koma kunena zoona mantha anandigwira nanenso.

M'mawa mwake anaona Laras akuika chingwe chija m'chikwama. Anandikoka dzanja kuti timulondole, ati akukachitula kwa anyamata amene amawathandiza kukumba manda. Nkhalamba ziwiri kuzemberera kamwana m'mizere ya m'minda ya mpunga, manyazi ake! Laras sanakhote paliponse, anakalowa kusukulu. A Sarjiman anakalowanso, ine pambuyo.

Pakhoma la kalasi panalendewera zingwe zambirimbiri, zazitali ndi zazifupi, chilichonse ndi kapepala kake: bambo, mayi, mlongo, wina mpaka mphaka. Aphunzitsi a Retno, mtsikana wofatsa, anatilandira modabwa.

"Sabata ino tikuphunzira utali, agogo. Mwana ayambe waona chachitali ndi chachifupi, kenako ayeze ndi zikhatho, azindikire yekha kuti chikhatho chake sichifanana ndi changa. Akatero m'pamene timam'patsa lula ndi masentimita."

"Ndiye masamu ake amenewa, kuyeza anthu ali mtulo?" anafunsa a Sarjiman.

"Ayi, ine ndinati muziwaimika pakhoma."

Laras anayankha ali pampando wake: "Agogo akaima amapindika, ndiye ndinadikira agone kuti awongoke."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. A Sarjiman nawonso anaseka mpaka anabanika ndi chifuwa, ndipo ine ndinasangalala kwambiri, poti ndinali nditaiwala kuti amatha kuseka. Ndinawanong'oneza kuti, "Mwaona? Mukanafa ndi masamu a sitandade 2."

Laras anatiperekeza mpaka pakhomo, atanyadira kuti agogo ake afika kusukulu.

"Komatu ichi n'chachiwiri, agogo. Choyamba ndinakuyezani Lachiwiri, simunadzuke. Amayi atachipeza analira, n'kuchisunga m'bokosi pamodzi ndi nsalu yoyera ija. Ndiye ndinakuyezaninso."

Tinauyamba ulendo wobwerera kunyumba. Ndinafunafuna bodza loti ndiwatonthoze nalo, koma munthu amene wakhala akudikira bodza moyo wake wonse ungamunamize chiyani?

Tinapeza Wartini akupeta mpunga kuseri kwa nyumba. Ndinkayembekeza mkuntho, poti ndimawadziwa akapsa mtima. Iwo anangokhala pansi pafupi naye.

"Mwanawe, katenge chingwe chili m'bokosi."

Wartini anaika lichero pansi. "Bambo, ndinkafuna kukuuzani, koma pakamwa..."

"Katenge."

Anabwera nacho misozi ili mbwembwembwe. A Sarjiman anachitambasula pamwendo, n'kuchiyang'ana monga mmisiri amayang'anira ntchito ya wophunzira. Anasolola kachingwe kena padenga la khola, anayeza chikhatho chawo chimodzi, n'kulumikiza kumapeto ndi mfundo yolimba. Kenako anachiika m'dzanja la mwana wawo n'kulipinda.

"Mwanayu wayeza bwino, koma aphunzitsi ake sanamuuze za chikhatho chowonjezera. Tsiku lake likafika ukawapatse anyamata aja chimenechi. Ndi aulesi, ndimawadziwa, ndipo ine sindikufuna kukagona nditapinda mawondo."