Dzanja la Ababa lanyamuka lero

Mwaswera bwanji nonse?

Masana ano ndinapita ndi Ababa kugolosale ya a Yusufu pa Tsangano kukaonera fainolo ya tenesi ya azimayi. Mukudziwa kuti chidwalireni sitiroko salankhula kwenikweni.

Mtsikana amene amamuchemerera uja ataluza seti yoyamba, ndinati tizipita. Anapukusa mutu.

Atayamba kubweza mtsikanayo, ndinangoona dzanja lawo lamanja, lofooka lija, likunyamuka pabondo kutsatira mpira. Kenako mawu omveka bwino: "Menya, mwanawe!" A Yusufu mpaka anataya shuga amene ankayeza.

Mtsikanayo waluzabe, koma Ababa abwerera akumwetulira. Ine ndinakalirira kuseri kwa golosale.

Mawa kuli ya azibambo. Amayi akuti asapite, kwazizira kwambiri. Ine ndikuti tiwafunditse bulangete tipite nawo. Inu mukuti bwanji?