Mkazi Mnzanga pa Kireni

Amuna anga anali wosema ziboliboli, ndipo kuseri kwa nyumba yathu ku Mua kunali chipika cha mbawa chimene ndinkachitcha mkazi mnzanga. Mtengowo unagwa ndi madzi osefukira, iwo n'kubwereka ng'ombe za eni ake kuti ziuguze. Pamene ng'ombezo zinatopera mpamene chipikacho chinagona zaka ndi zaka, poti panalibe wotha kuchiimiritsa. Ankachisema chili chigonere, iwonso atagona chammbali m'fumbi ngati makaniko pansi pa galimoto. Akaweruka ankachifunditsa ziguduli bwinobwino. Ine zofunditsidwa ndinali nditaziiwala kalekale.

Ndinkadana nacho chinthucho, ndisaname. Ndinalumbira kuti sindidzachiyang'ana kumaso, moti popita kubafa ndinkadutsa nkhope ili kwina. Anzawo ankasema ting'ona ndi timitanda n'kumagulitsa kwa alendo obwera ku mishoni, akazi awo n'kumasintha zitenje. Anga ankasema tiwiri titatu togulira sopo, basi abwerera kwa mkazi mnzanga. Kudimba la mpunga ndinkapita ndekha.

Vuto linali lakuti amuna angawo anali mkamwini. Mudzi ndi wathu, ndipo mwini mbumba anali achimwene anga, mlimi wotchuka ku sikimu yampunga ya Bwanje, amene ankati mkamwini amadziwika ndi khasu osati kasemasema. Chaka chimenecho ananena pamaso pa ankhoswe kuti tikangokolola, alamu awowo alongedze matchizulo awo osemera abwerere kwawo ku Mtakataka. Kukalipira amuna anga inali ntchito yanga ndipo sindinkafuna wondithandiza, koma pakamwa panandilemera chifukwa zonse zimene achimwene ankanena anazimva kwa ine.

Ndiye tsiku lina panaima galimoto yoyera. Munatuluka bwana wina wa kampani yogulitsa makina, wofuna kachiboliboli kopatsa mkazi wake. Atapempha kuchimbudzi anazungulira kuseri, n'kukumana ndi mkazi mnzanga. Ziguduli anangovundukula pang'ono. Anachimenya ndi chikhatho, kuchiponda ndi nsapato, n'kufunsa kuti chingalemere bwanji. Kenako anafotokoza kuti ku Lilongwe kukhala chionetsero cha makina omangira nyumba ndi misewu.

"Ichi ndiye tikuchifuna, bambo," anatero. "Tikachikweza pamwamba, aliyense achione."

Masiku amenewo mawu oti kukweza anali paliponse. Azipani ankabwera ndi zimkuzamawu kudzatilonjeza kuti atikweza, pomwe chimene chinkakwera ndi mtengo wa feteleza. Amuna anga anamva mawuwo momwe mtima wawo unkafunira, ndipo pofika madzulo mpaka kuchigayo ankadziwa kuti luso lawo laitanidwa ku likulu. Ine ndinaona kuti bwanayo sanafunse tanthauzo la chosemacho, anangofunsa kulemera kwake. Amuna anga sindinawachenjeze, chifukwa nanenso ndinkafuna kuti zikhale zoona.

Lole inabwera ili ndi mkono wachitsulo kumsana, n'kuchinyamula chili chigonere, ziguduli zili zomangidwa. Ife tinatsatira pa minibasi kudzera ku Salima, amuna anga atavala jekete yobwereka, ine chitenje cha ku tchalitchi. Achimwene anadziitana okha, ati akaone ndi maso awo.

Pabwalopo panali makina amene sindinawaonepo chibadwire, onse opakidwa utoto wachikasu. Makireni anali atasolola makosi mpaka kumwamba. Panali tigalimoto ta mafoloko awiri kutsogolo, tikunyamula matumba a simenti n'kumazungulira ngati ana akusewera. Panalinso matcheni olendewera amene mtsikana wovala nsapato zazitali ankakoka ndi dzanja limodzi, injini yathunthu n'kumakwera. Tinazungulira matenti onse kufunafuna malo a zaluso, amuna anga akulonjera aliyense wovala tayi.

Tinachipeza pansi pa kireni yaikulu kuposa onse. Panali chibuma cha konkire, mgolo wodzaza madzi, injini yakufa ya thirakitala, kenako mkazi mnzanga. Anali atamumanga lamba m'khwapa, kumsana atalembako nambala ndi choko. Mnyamata wa chimkuzamawu anali kulengeza kuti kireni imeneyi sisankha, imanyamula konkire, chitsulo, ngakhale chipika chakumudzi. Za wosema sanatchule.

Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, akukwezanidi," anatero.

Zinandipweteka kwambiri. Ndinayang'ana amuna anga ataima m'jekete yamanja aatali ija, chipewa chili m'manja, ndipo manyazi awo onse anandigwira ine. Kireni inalira, lamba anakungika, ziguduli zinagwa, anthu n'kuomba m'manja. Ine kumwamba sindinayang'aneko. Ndinalumpha chingwe chotchingira anthu n'kukaima pamaso pa mnyamata wa chimkuzamawu uja.

Ndinamuuza zambiri. Ndinamufunsa ngati kwawo miyala inatha kuti mpaka akatenge thukuta la munthu n'kulisandutsa katundu woyesera makina. Ndinamuuza kuti chimene akuchitcha chipikacho chinadya zaka za banja langa, ndipo ngati pali woyenera kuchinyoza ndi ine, osati iye wobadwa dzulo. Mnyamatayo anaiwala kuzimitsa chimkuzamawu, ndiye bwalo lonse linandimva. Anthu anayamba kuseka, koma kuseka kwake kunali kwachilendo. Ankaloza kumwamba, kenako n'kuloza ine. Mayi wina wogulitsa nthochi anandikoka chitenje.

"Amayi, tayang'anani kumwamba," anatero. "Si inu mwapachikidwa apo?"

Ndinayang'ana. M'mwambamo munali mzimayi ataima chilili, akutembenuka pang'onopang'ono ndi mphepo. Dzanja lamanzere linali m'chiuno, chala chakumanja chikuloza, kukamwa kuli yasa. Duku linali lopendekera kumodzi momwe ndimamangira ine. Panali mpata wa m'mano, chipsera cha pachibwano chimene ndinatenga nditagwa panjinga, ndipo poti tinali pansi pake, ndinaona kuti ngakhale ming'alu ya kuzidendene anaisema. Pakhosi pokha mpamene anandikomera mtima, anandipatsa la pautsikana. Nditadziyang'ana, dzanja langa linali m'chiuno, chala chikadali cholunjika pamphuno ya mnyamata uja.

Amuna anga anabwera n'kundigwira mkono.

"Asiyeni, mayi," anatero motsitsa. "Ine sindinachionepo chitaimirira."

Maso awo anali atanyowa, ndipo anthu onse aja sankawaona n'komwe. Ndinawafunsa ngati zaka zonsezi ankasema ine ndikukalipa.

"Nanga ndikanakupezani liti mutatseka pakamwa?" anayankha, maso akadali kumwamba.

Tsiku lonse anandikweza ndi kunditsitsa, mosinthana ndi konkire ndi mgolo uja. Anthu amatayi ankajambula zithunzi n'kumafunsa za mphamvu ya kireni, mafuta amene imamwa, ndi komwe zipangizo zake zimapezeka. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa dzina la wosema, palibenso amene anati agule. Bwana uja anatipatsa zipewa zakampani ndi fanta, n'kulonjeza kuti lole idzabweza katundu wathu chionetsero chikatha.

Pobwerera, titangodutsa Salima, achimwene anayambanso. Anati zaoneka poyera kuti ntchito ya alamu ndi yofanana ndi mgolo wamadzi, ndipo mawu amene ananena kwa ankhoswe sanasinthe. Amuna anga anali ataweramira pansi, akupindapinda chipewa chatsopano chija. M'minibasi monse aliyense ankayang'ana ine.

Ndinali ndisanawayankhepo achimwene chibadwire.

"Achimwene," ndinatero, "tsiku limene mudzafune kuchotsa bamboyu pamudzi paja, mudzayambe mwabwereka kireni ija. Mudzafunika kunyamula ndi ine ndemwe, ndipo mwaona nokha kuti ndimalemera."