Khasu la Kumanda kwa Amayi

Amayi anga anagona m'nkhalango ya boma, kumtunda kwa Makanjira. Tinawaika kumeneko titangothawa nkhondo ya ku Mozambiki, nthawi imene panalibe wotiuza kuti malire a nkhalangoyo adutsa pati. Chaka chilichonse mvula ikatha ndinkapita kukalambula manda awo, mpaka tsiku limene mlonda watsopano wa nkhalango anandipeza ndili chiweramire n'kundilanda khasu.

"Mayi, muno simulimidwa," anatero. "Mukayankha kukhoti ku Mangochi."

Khoti sindinkaliopa ine. Chimene chinandidya mumtima ndi abambo. Anali atakalamba, miyendo yotupa, ndipo pempho lawo linali limodzi lokha: tsiku lawo likadzakwana tidzawagoneke pambali pa akazi awo. Woweruza akanati tisadzapondemonso, ndikanawauza chiyani?

Ndiye ndinavala zilimbe. Ndinapita kwa mayi wina wa m'komiti yosamalira nkhalango, amene ankayanjanitsa anthu pa mikangano ya nkhuni ndi ming'oma ya njuchi. Anavomera kukhala pakati pathu, nati tikumane kusukulu. Ndinakana. Ndinati nkhani ya manda ikambidwire kumanda. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, koma mlonda uja anavomera, kaya pofuna kukandionetsa malire akewo.

Tinakwera phiri m'mawa, atatu. Njira yonse zitsa zokhazokha ndi maenje akuda a owotcha makala. Mlondayo ankaloza chitsa chilichonse, akudandaula kuti akuluakulu ake amakalipira iyeyo. Ndinamumvera chisoni pang'ono, ngakhale khasu langa linali paphewa pake. Kenako tinalowa mumthunzi. Misuku, mibawa, miwanga, yonse ili chiimire, ina yoti anthu awiri sangaikumbatire.

"Mitengo ino inatsala bwanji?" anafunsa mlonda uja.

"Ndani angadule mtengo pamanda, achimwene?" ndinayankha. "Akukuthandizani kulondera ndi agona apawa."

Mayi wa komiti uja sanagamule kanthu. Ankangofunsa aliyense chimene akuopa. Mlonda ankaopa kuti khasu likalowa lero, mawa mudzamera chimanga. Ine ndinkaopa kukaika abambo pakati pa anthu osawadziwa. Tinakokanakokana mpaka dzuwa linafika paliwombo, ine osasuntha. Pomaliza tinagwirizana kuti tizilowa ndi makasu okha, nkhwangwa ayi, manda asapitirire miyala imene tiike tsiku lomwelo, ndipo banja lathu lizilambula njira yotchinga moto chaka ndi chaka. Miyalayo ndinatuta ndekha, ndikuyeza ndi mapazi kuti patsale malo a munthu mmodzi. Khasu langa ndinatsika nalo.

Abambo anaonanso mvula ziwiri. Tsiku lowaika, mlonda uja anatichingamira pamalire atavula chipewa, n'kutsogola akupatula nthambi kuti maliro adutse. Manda anakumbidwa ndi khasu lomwe lija, ndipo abambo anakwana bwinobwino mkati mwa miyala.