Mabatire a nyali za mumgodi

Ndikukumbukira chaka chimene mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Bambo anga anali atakalambira m'chipinda chotchajira nyali za pachipewa zimene anthu ankalowa nazo pansi. Ntchito itatha, anagula kompyuta yakale pa selo, pomwe ankagulitsa motchipa katundu wa muofesi, nayamba kutaipira anzawo makalata ofunsira ntchito kunyumba kwathu ku Katondo. Chakudya chathu chonse chinkachokera pa kompyutayo.

Vuto linali magetsi, ankangozima masana osatsanzika. Wogulitsa wina m'tauni anawaonetsa kabokosi kolemera kotchedwa UPS, kamene kamagwiriziza kompyuta kwa mphindi zochepa ndi kuiteteza magetsi akabwerera mwamphamvu. Tsikulo ndinali nawo, ndipo ndinatchera khutu. Bambo anakanyoza kabokosiko. Titafika kunyumba analumikiza mabatire akale a nyali amene anachoka nawo kumgodi, n'kuwamangirira ku kachipangizo kamene mnzawo anawapangira, kopatsira kompyuta moto magetsi akazima.

"Atate, baja ba mu shopu benze bakamba ati ivi sivichingiliza kompyuta," ndinatero anzawo ali pomwepo.

Bambo anandiwomba mbama yoti khutu linalira tsiku lonse. "Iwe uziba chani? Aya mabatire yanasunga bantu bamoyo pansi pa mugodi!"

Sipanathe milungu itatu. Loweruka lina masana, amuna anayi ali pabenchi kudikira makalata awo, magetsi anazima, kenako anabwerera mwaukali. Tinangomva kuti thu, ndipo m'nyumba monse munadzaza fungo la pulasitiki wopserera. Kompyuta sinayakenso. Amunawo anatola mapepala awo n'kutuluka. Mayi anayamba kugulitsa tomato pamsika, ine ndinakhala pakhomo chaka chathunthu osapita kusukulu. Bambo sanandipepese, ndipo mpaka imfa yawo sitinakambiranepo za tsikulo.

Ndinawasungira chakukhosi nthawi yaitali, ndipo ndinganame nditati chinatheratu. Koma lero ndikudziwa kuti m'sitolo muja nkhani sinali ya batire ayi. Mgodi unali utawauza kale kuti zonse zimene ankadziwa zatha ntchito. Wogulitsa uja anawauzanso zomwezo, kenako ine, kamtsikana kawo komwe, ndinazibwereza pamaso pa anzawo. Ndinanena zoona, inde. Koma zoona zangazo sizinapulumutse kompyuta, zinangowatsekera njira yobwerera kusitolo.