Nsalu Yapepo m'Jekete ya Ronny

Addolorata Lacirignola anali telala wa kutchalitchi kwathu ku Ceglie. Mikanjo ya ansembe, nsalu za paguwa, madiresi a ana olandira Ukaristiya koyamba, zonse zinkadutsa pamakina ake. Sanakwatiwe. Makolo atamwalira analera mlongo wake wamng'ono, Oronzo, amene pambuyo pake anadzipatsa dzina loti Ronny Lux.

Ine ndine Pantaleo, ndinamuimbira akodiyoni Ronny kuyambira tili anyamata, ndipo kunena zoona munthuyo anali wotopetsa. Ankapaka milomo, nsapato zake zinali zazitali kuposa za akazi, pansanja ankalira misozi yeniyeni ngakhale omvera ali pakati pa kutafuna. Koma nyimbo ankapeka yekha, ndipo imodzi inagwira dziko lonse chilimwe china. Kenako anthu anamuiwala, tinabwerera kumaukwati ndi kuzikondwerero za oyera mtima.

Majekete ake onse onyezimira ankasoka ndi Addolorata, atatseka makatani. Koma kukamuonera akuimba, ayi.

"Kusoka ndasoka," ankatero. "Zokagwedeza chiuno pagulu uzikachita wekha."

Ronny ankaseka, koma chinkamudya. Paliponse pamene tinaimba ankasiya mpando umodzi kutsogolo.

Atakalamba, mawu atayamba kunjenjemera, holo ina ya zisudzo ku Taranto inamuitana kukatsanzika, Lamulungu masana. Anapita kukagwada kukhitchini kwa mlongo wakeyo.

"Achemwali, sindidzaimbanso. Mukapanda kubwera pano ndiye kuti basi."

"Dzuka, ukuipitsa thalauza." Kenako anati, "Ndibwera."

Jekete yotsanzikirayo inali yoyera, ya mapiko a nthenga oimikidwa pa mawaya. Addolorata anafika nayo yekha pabasi, atavala zakuda ngati akupita kumaliro, anthu atayamba kale kudzaza mipando. Ronny anaitambasula m'chipinda chovalira, ndipo tonse tinaona m'kati mwake. Nsalu ya m'katiyo inali yapepo.

A Cataldo, mkulu woyang'anira nsanja, anali pakhomo. Anatumbuluka, n'kugwira chitsulo cha loko kuti apewe tsoka. Ine za matsoka sindikhulupirira kwenikweni, koma ndinapezeka kuti ndagwira makiyi m'thumba. Aliyense wodyera pansanja amadziwa kuti pepo salowa m'holo ya zisudzo. Ndi mtundu wa Lenti, nyengo imene kale maholo ankatsekedwa, azisudzo n'kumagona ndi njala.

"Chimenecho chituluke m'nyumba muno," anatero a Cataldo.

"Ili m'kati, bwana," anatero Ronny. "Adzaiona ndani?"

"Ndaiona ine. Anyamata okoka zingwe akamva, achoka onse. Katani sitsegula."

Addolorata anawayang'ana kuyambira kumapazi. "Bambo inu, nsaluyi inatsala pa mkanjo wa ansembe. Ndi yodalitsika. Tsoka lilowera pati?"

"Mayi, ansembe ali ndi nyumba yawo, ine ndili ndi yanga."

"Ndiyo yokha yokhuthala imene ndinali nayo. Mukaichotsa, mawayawa amubaya mwanayu."

Mwanayo anali ndi imvi mpaka m'makutu. Kunja anthu anayamba kuomba m'manja mopupuluma, ena kuimba malikhweru. Ine ndinapsa mtima ndi onse atatu, ndinamuuza Ronny kuti angokwera ndi shati. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

"Abwere ulendo wonsewu kudzandiona mu shati? Adzandione mu jekete yawo."

Addolorata anatulutsa lezala m'chikwama. Anakhala pampando n'kuyamba kusomola ulusi mokwiya, a Cataldo ataima chataliko ngati pali njoka. Belu linalira. Linaliranso. Nsalu itachoka, mawaya anatsala pamtunda, nsonga zake zili penipeni. Anamuveka mlongo wake, n'kumukonza kolala.

"Pitani mukakhale, achemwali. Mpando wa pakati, kutsogolo."

"Nsaluyo kubini, panja," anatero a Cataldo.

Addolorata anaipinda bwinobwino n'kutuluka nayo pakhomo lakuseri. Sitinaganize zambiri, katani inali itayamba kuyenda.

Ronny anaimba monga sindinamumvepo. Akakweza manja mapiko ankatambasuka, anthu n'kukuwa, koma ine ndinali kumbuyo kwake ndipo ndinkaona madontho ofiira akutulukira pansalu yoyera. Nyimbo iliyonse ankaimba atayang'ana mpando wa pakati uja. Munalibe munthu. Pa nyimbo yake yotchuka ija anatembenuka n'kundifunsa ndi maso, ine n'kuweramira akodiyoni. Mtima unandiwawa kwambiri.

Titamaliza sanadikire maluwa. Anathamangira kuseri ndi nsapato zake zija, ine pambuyo. Tinamupeza Addolorata atakhala pamasitepe panja, pafupi ndi bini, nsalu ili pamiyendo.

"Achemwali, bwanji?"

"Ndikanaiponya m'zinyalala nsalu yodalitsika? Kulowa nayo anandikaniza. Kuisiya pansi, agalu." Anapukuta m'maso ndi chala. "Khomo anasiya losatseka. Ndakumva. Sumaimba moipa."

Ronny anakhala pasitepe pambali pake, ataongoka ngati mtengo chifukwa kutsamira sakanatha. Addolorata anagwira nthenga imodzi n'kuiwongola.

"Mapikowa anaima bwino?"

"Anaima, achemwali."

"Sanakubaye?"

"Olo pang'ono," anatero Ronny, n'kusuntha kuti msana uloze kukhoma.